Cimanga coocha ncokoma, koma tisaiwale nkhokwe

Mwezi wa Febuluwale ukafika pakati, pali fungo limodzi limene limamveka m'midzi yonse ya m'boma la Lundazi, kuyambira kwa Mfumu Mwase mpaka kwa Mfumu Mphamba ndi kwa Mfumu Kapichila. Limeneli ndi fungo la cimanga caciwisi cimene cili kupsa pa makala. Pa msika wa pa boma, pa malo okwerera mabasi opita ku Chipata, ndi m'mbali mwa mseu wopita ku malire a Lusuntha, amai amakhala pambali pa mbaula zao ali kutembenuza dowe, ndipo wodutsa aliyense, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi woyendetsa lole, kaya ndi mwana wa sukulu, amapisa dzanja m'thumba.

Palibe cakudya cina cimene cimalandiridwa ndi cimwemwe cotere, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi adziwa cifukwa cake. Cimanga caciwisi cimafika pa nthawi imene nkhokwe zambiri zili pululu, pamene ufa uli kuyesedwa ndi kapu, ndipo khasu lili kulemera m'manja mwa wopalira. Cikonyo coyamba cikangopsa, mwana amene anali kugona ndi njala amayamba kuseka, ndipo mai wake mtima umakhala pansi.

Komabe pa nkhani yokomayi pali funso limene mlimi aliyense ayenera kudzifunsa. Cikonyo ciliconse cimene tathyola cikali caciwisi ndi cikonyo cimene sicidzalowa m'nkhokwe. Kodi tsono tingadye bwanji dowe mokhuta, ndi kugulitsako pang'ono, popanda kuitana njala ya caka camawa?

MBEU YACILENDO

Ngakhale kuti lero timati munthu sanadye ngati sanadye nsima ya cimanga, mbeu imeneyi ndi mlendo m'dziko muno. Kwao kwenikweni ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kuilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ataisankha kucokera ku udzu wa kuthengo wochedwa teosinte. Inafika ku magombe a Africa m'zaka za m'ma 1500 ndi zombo za Apwitikizi, ndipo inalowa kumtunda pang'onopang'ono potsata njira za amalonda. Mtundu uliwonse unaipatsa dzina lake. Acewa amati cimanga, Atumbuka a kuno amati vingoma, Abemba amati amataba, pamene Atonga amati mapopwe.

Makolo athu akale anali kudalira mapira ndi mawere. M'madera ambiri cimanga cinayamba ngati mbeu ya pakhomo ndi ya m'dimba, yodyedwa ikali yaiwisi podikira kuti mapira ace. Cinakula kukhala mbeu yaikulu ya dziko lino makamaka m'zaka za m'ma 1900, pamene migodi ya ku Copperbelt inafuna ufa wambiri wodyetsa anchito, ndipo zigayo zinayamba kufala. Cotero kuocha dowe si masewera a ana iai, koma ndiyo nchito yoyamba imene cimanga cinagwira pakati pathu: kuolotsa anthu pa miyezi ya njala.

Si ife tokha amene timacikonda. Ku Mexico komweko amaciocha napakapo mcere, tsabola ndi ndimu, ndipo amacicha elote. Ku Kenya ndi ku Tanzania cimagulitsidwa m'miseu monga kuno, ndipo ku India, kumene amati bhutta, ndico cakudya ca nyengo ya mvula. Ku America alinso ndi mtundu wina umene amaucha sweet corn, wolimidwa ndi colinga cimodzi cokha, cakuti udyedwe uli wauwisi. Njere zake sizifulumira kusandutsa shuga kukhala ufa, cotero zimatsekemera kwambiri, koma zikauma zimakwinyika ndipo sizithandiza pa nsima. Muno m'Zambia mtundu umenewu umapezeka m'masitolo akuluakulu a m'mizinda monga Lusaka.

Ife a ku Lundazi tilibe mitundu iwiri yotere. Cimanga cimene timaocha ndico comweco cimene timadyera nsima. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: mbaula ndi nkhokwe zimadya m'munda umodzi.

KUDZIWA CIKONYO COYENERA

Mlimi akabzala ndi mvula yoyamba, kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, cimanga cimatulutsa ngayaye ndi ndebvu pakapita miyezi iwiri kapena kupitirirapo pang'ono, malinga ndi mtundu wake. Ulusi uliwonse wa ndebvuzo umatsikira pa njere imodzi. Fumbi lacikasu locokera ku ngayaye likapanda kugwera pa ulusiwo, njere imeneyo sikhalapo, ndico cifukwa cake zikonyo zina zimakhala ndi magweru.

Pakapita masabata atatu ndebvu zitatuluka, njere zimakhala zitadzaza madzi oyera onga mkaka. Imeneyi ndiyo nthawi ya cimanga cophika. Pakapitanso sabata imodzi mkakawo umalimba nukhala ngati phala, ndipo imeneyi ndiyo nthawi yabwino ya cimanga coocha. Canthete kwambiri cimangofota pa moto, pamene cokhwimitsa cimatopetsa nsagwada.

Wodziwa sasenda zikonyo khumi kuti apeze cimodzi. Amayang'ana ndebvu ngati zauma ndi kuda, amaona ngati makoko akali obiriwira, ndipo amagwira cikonyo kuti amve ngati cadzaza mpaka kunsonga. Akakaikabe, amatsegula pang'ono kunsonga naboola njere imodzi ndi cikhadabo. Cizolowezi cosenda zikonyo zambiri ndi kuzisiya pa phesi ncoipa, pakuti pamene patsegukapo ndi pamene pamalowera madzi a mvula, mbalame ndi tizilombo, ndipo cimangaco cimabvunda cisanaume.

Cikonyo cikacoka pa phesi, shuga wa m'njere zake amayamba kusanduka ufa, ndipo kutentha kumafulumizitsa kusinthaku. Akatswiri a zaulimi anapeza kuti sweet corn wa mtundu wakale angathe kutaya theka la kutsekemera kwake pa tsiku limodzi lokha ngati waikidwa pamalo otentha. Cathu, cimene sicitsekemera kwambiri kale, sicingapirire koposa apo. Cotero thyolani m'mamawa kukali kozizira, musacotse makoko, cisungeni pamthunzi, ndipo ocha tsiku lomwelo. Amai a pa msika amene amaoda cimanga ca masiku atatu nthawi imodzi asadabwe makasitomala akayamba kupita pa mbaula ya mnzao.

MAKALA, OSATI MALAWI

Kuocha cimanga kumaoneka ngati nchito imene aliyense angathe, koma woocha ndi wopsereza amasiyana. Lamulo loyamba ndi lakuti cimanga cimapsa ndi makala, osati ndi malawi. Mukaciponya pa moto woyaka, kunja kumada bii ndi utsi pamene mkati simunapse. Dikirani kuti nkhuni zinyeke mpaka patsale makala ofiira okutidwa ndi kaphulusa koyera.

Pa moto wa pansi, cikonyo cosenda cimaimikidwa m'mbali mwa makala, citatsamira fuwa kapena cikuni. Mbali yoyang'ana moto ikafiira, ndipo njere zina zikayamba kuthetheka, mumatembenuza pang'ono, kenaka mumacizondotsa kuti nsonga ndi tsinde zipse mofanana. Pa mbaula mumayala waya pamwamba, motalikirana ndi makala ngati zala zinai, ndipo mumapemerera moto kuti usazirale. Mphindi 10 mpaka 15 zimakwana. Cimanga copsa bwino cimakhala cofiirira ngati mkate, ndi timadontho takuda apa ndi apo. Kufiirako ndi shuga wa m'njere amene wakumana ndi kutentha, ndipo ndi kumene kumatulutsa fungo lija loimitsa wapaulendo.

Njira yaciwiri ndi yoocha ndi makoko ake, ndipo ndiyo yoyenera cimanga canthete. Cotsani makoko akunja okha, viikani cikonyo m'madzi, ndi kuciika pa makala kapena m'phulusa lotentha kwa mphindi 20. Cimapsa ndi nthunzi yake yomwe, ndipo cimakhala cofewa. Mukafuna, musende ndi kucifiiritsa pang'ono pa makala. Akuluakulu anati cimanga cimalola wopanda mano, koma ndi njira imeneyi agogo nao sakhala ongoonerera.

Ena amaviika cikonyo m'madzi a mcere cikangocoka pa moto, ena amapaka ndimu ndi tsabola, koma ambiri kumudzi amadya copanda kanthu. Cothandiza koposa ndi kudyera limodzi ndi nsawa, zimene cigawo cino ca Kum'mawa cinachuka nazo kuyambira masiku a mbeu ya Chalimbana. Cimanga pacokha cimapatsa mphamvu, koma cimaperewera zina zomanga thupi, ndipo anthu amene amadya cimanga cokhacokha kwa miyezi yambiri amagwidwa ndi nthenda ya pellagra, imene imasupula khungu ndi kutsegula m'mimba. Nsawa ndi nyemba zimakwaniritsa zimene cimanga cilibe.

Pa nkhani ya moto pali zina zofunika kukumbukira. Musakoleze mbaula ndi mapepala a pulasitiki, zidutswa za matayala kapena palafini, pakuti utsi wake umalowa m'cakudya. Musayale waya wopaka penti. Zitsononkho zouma za caka catha zimapanga makala abwino, ndipo sizigwetsa mtengo ndi umodzi womwe. Alimi amene anabzala mitengo ya Gliricidia m'minda mwao potsata malangizo a bungwe la COMACO, limene linayamba nchito yake kuno ku Lundazi mu 2003, ali ndi nthambi zokwanira kukolezera moto wotere. Ndipo popeza nyengo ya dowe ndiyonso nyengo ya mvula, ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba natseka citseko. Zimenezi ndi zoopsa kwambiri. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Ocherani pakhonde kapena m'khichini mopita mphepo.

MAKOLO ANAIKA MALIRE

Makolo athu analibe sikelo kapena mabuku, koma anadziwa kuti njala imafulumizitsa dzanja. Cotero anaika mwambo wakuti munthu asayambe kudya mbeu zatsopano wamkulu asanalawe ndi kuthokoza. Mwambo wotere wochuka koposa m'cigawo cino ndi Nc'wala ya Angoni, imene imacitika pa Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata. Pa mwambowu Mfumu Yaikulu Mpezeni ndiyo imayamba kulawa zipatso zoyamba za m'minda. Nc'wala inaleka Angoni atagonjetsedwa ndi asilikali a Angelezi mu 1898, ndipo inayambikanso mu 1980, m'masiku a Mpezeni Wacitatu.

Kuno ku Lundazi, Atumbuka a kwa Mfumu Mphamba ali ndi mwambo wa Kulonga, umene umacitika nchito yokolola itatha, pothokoza cifukwa ca dzinthu zimene zalongedwa m'nkhokwe. Tikaika miyambo iwiriyi pamodzi tiona nzeru imodzi. Woyamba uti: dikira usanadye. Waciwiri uti: sunga ukakolola.

M'banja namo munali malamulo. Mwana sanali kulowa m'munda kukathyola yekha. Mai ndiye anali kudziwa mizere yothyola ndi kuculuka kwa zikonyo za tsiku limenelo. Cikonyo cikapsa cinali kuthyoledwa pakati, wamkulu nayamba kulandira, ndipo mlendo sanali kucoka pakhomo cimanjamanja. Mwana wamng'ono anali kutong'oleredwa njere m'cikhatho. Mwa njira imeneyi ana anaphunzira kugawana, ndipo munda unali kufika mwezi wa Meyi ukali ndi kanthu.

TIYENI TIWERENGE PAMODZI

Tsopano titenge pensulo. Mlimi akabzala mizere yotalikirana masentimita 90, ndi mapando otalikirana masentimita 25, njere imodzi pa phando, hekitala imodzi imakhala ndi mapesi pafupifupi 44,000. Lima imodzi, imene ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, kapena kuti mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi, imakhala ndi mapesi pafupifupi 11,000.

Tiyerekeze kuti cikonyo cabwino cikauma cimatulutsa magalamu 125 a njere. Ndiye kuti zikonyo 8 zipanga kilogalamu imodzi, ndipo zikonyo 400 zidzaza thumba la makilogalamu 50. Banja likamaocha zikonyo 10 tsiku lililonse kwa masiku 40, latha zikonyo 400, kapena kuti thumba limodzi. Pamenepa palibe colakwa. Thumba limodzi loolotsa ana pa miyezi yobvuta lagwira nchito yake.

Bvuto limayamba pamene wamalonda wafika ndi ngolo kapena galimoto, nafuna zikonyo 2,000 nthawi imodzi. Zikonyo 2,000 ndi matumba asanu. Ngati banja la anthu 6 limatha thumba limodzi pa masabata atatu, matumba asanuwo ndi cakudya ca masabata 15, kapena kuti miyezi itatu ndi theka. Werengani miyezi itatu ndi theka cobwerera m'mbuyo kucokera pakati pa Febuluwale, mudzafika kumayambiriro kwa Novembala. Imeneyi ndiyo miyezi yomweyo imene mabanja amasiya minda yao kupita kukagwira ganyu m'minda ya anzao. Munda wosiyidwa osapalira umabereka pang'ono, njala imabweranso msanga, ndipo mwini wake amagulitsanso dowe caka cotsatira. Gudumu limeneli likayamba kuzungulira ndi lobvuta kuliimitsa.

Tisaiwalenso kuti njere imene ili pa msinkhu wa mkaka sinafike ngakhale pa theka la kulemera kumene ikadakhala nako itakhwima. Wothyola msanga amadula ulendo wa mbeu pakati. Cimodzimodzi ndi ufa wa citibu, wopangidwa ndi cimanga cosauma bwino: umapulumutsa lero, koma umadya zikonyo zambiri koposa ufa wa cimanga couma.

Nzoona kuti kawirikawiri cikonyo caciwisi cimabweretsa ndalama zambiri koposa njere zake zitauma, ndipo ndalamazo zimabwera pa nthawi imene sukulu zangotsegula ndipo matenda a malungo ali paliponse. Palibe angadzudzule kholo lofuna kugulira mwana yunifomu kapena mankhwala. Koma kholo lomwelo likumbukire kuti cimanga cimene lagulitsa mu Febuluwale lidzacigulanso mu Disembala ndi Januwale, pamene mtengo wake umakhala utakwera kwambiri. Malonda a dowe ndi abwino akakhala okonzekera. Amakhala msampha akacokera m'munda wa cakudya.

ZAKA ZIMENE ZINATIPHUNZITSA

Akuluakulu akumbukira cilala ca 1991 ndi 1992, pamene cimanga cinauma cili ndi ngayaye, ndipo dziko linadya cimanga cacikasu cocokera kunja. Acinyamata aona okha cilala ca 2023 ndi 2024. Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi ngozi yogwera dziko lonse, pakuti cinakhudza maboma 84 mwa maboma 116. Caka cimeneco Zambia inakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni a cimanga, pamene mu 2023 inakolola oposa 3 miliyoni. Caka cotere cikafika, banja limene lili ndi matumba awiri otsala m'nkhokwe limasiyana kutali ndi limene linagulitsa munda wonse ukali wobiriwira.

Pali zifukwa zinanso zimene zimakakamiza mlimi kuthyola msanga. Anyani, apusi, nguluwe ndi nungu zimadziwa nthawi ya dowe monga ife. M'madera oyandikana ndi nkhalango za Lukusuzi ndi Kasungu muli njobvu, ndipo kuyambira mu Julayi 2022, pamene njobvu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku Kasungu m'dziko la Malawi, alimi a m'mbali zonse ziwiri za malire akhala ali kudandaula za kuonongeka kwa minda yao. Mlimi wa kumeneko akathyola cimanga cisanaume sitingamunene kuti ndi wadyera. Ayenera kuthandizidwa ndi a nthambi yoona za nyama za kuthengo, ndipo akakolola msanga ayanike cimangaco mpaka ciume bwino, pakuti colongedwa cili ndi cinyontho cimacita nkhungu imene ndi poizoni kwa anthu ndi ziweto.

Palinso akuba a miyendo iwiri. Wogula cimanga caciwisi m'bandakuca kwa munthu wosadziwika, pa mtengo wotsika modabwitsa, adziwe kuti ali kuthandiza kusautsa mnansi wake. Wogwidwa m'munda wa mwini aperekedwe kwa nyakwawa kapena kwa apolisi. Kumenya munthu mpaka kumubvulaza ndi mlandu waukulu.

KAMUNDA KA MBAULA

Yankho la funso lathu lili m'masamu omwe aja. Malo a mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, obzalidwa monga tanenera, amakhala ndi mapesi pafupifupi 440. Kamunda kameneka nkokwanira kupatsa banja zikonyo 10 tsiku lililonse kwa masiku 40. Cotero banja lililonse lipatule kamunda ka mbaula pafupi ndi nyumba, kumene akuba ndi anyani amaopa kufika, ndipo ligwirizane kuti m'munda waukulu simulowa dzanja mpaka nthawi yokolola.

M'kamundaka bzalani mbeu yoca msanga. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene akatswiri a pa Mount Makulu anatulutsa mitundu monga MMV400, MM603 ndi MM604, alimi a m'Zambia anazolowera kudziwa mbeu ndi nambala yake. Mbeu za nambala ya m'ma 400 ndi m'ma 500 zimaca msanga, za m'ma 600 zili pakati, ndipo za m'ma 700 zimacedwa koma zimabereka kwambiri. Yoca msanga ipite m'kamunda ka mbaula. Musabzale konse tsiku limodzi. Gawani kamundako patatu, ndi kubzala motalikitsa masabata awiri, kuti cimanga cisakhwime nthawi imodzi. Gawo lililonse likhale ndi mizere inai kapena kuposerapo yoyandikana, pakuti fumbi la ngayaye limayenda ndi mphepo, ndipo mzere umodzi wautali umabereka zikonyo za magweru.

Nkoyeneranso kuyesako cimanga ca olenji, cimene cinatulutsidwa m'dziko muno mu 2012 ndi akatswiri a Boma a ZARI mothandizana ndi bungwe la HarvestPlus. Cimeneci ncosiyana ndi cacikasu cija ca m'nthawi ya njala. Cili ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi woteteza ana ku matenda. Mwana amene amakaikira nsima ya mtundu wacilendo sakana cikonyo coocha.

Amene afuna kupanga malonda enieni a dowe atembenukire ku dimba. Madambo a m'mbali mwa mtsinje wa Lundazi ndi timitsinje tina amasunga cinyontho mpaka m'cilimwe. Cimanga cobzalidwa m'dimba mu Ogasiti kapena Seputembala cimafika pa mbaula mu Novembala ndi Disembala, pamene pa msika palibe cina copikisana naco, ndipo ndalama zake zimafika pa nthawi yogula feteleza ndi mbeu. Mlimi wotere amagulitsa zikonyo masauzande popanda kukhudza nkhokwe yake. Cofunika ndi kusalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kuopa kuti dothi lingakokoloke ndi kukwirira madzi amene dimbalo limadalira.

ZOYENERA KUSAMALA

Kumapeto kwa 2016 m'dziko muno munalowa mbozi zacilendo zocokera ku America, zimene akatswiri amazicha fall armyworm. Zimadya mtima wa cimanga ndipo zimaboolanso zikonyo. Kuyambira nthawi imeneyo alimi ambiri amapopera mankhwala m'minda, ndipo apa pali ngozi imene kale kunalibe. Pa botolo lililonse la mankhwala obvomerezeka pamalembedwa masiku amene ayenera kupita munthu asanakolole. Wodikira cimanga couma masikuwo amamukwanira okha, koma woocha dowe ayenera kuwawerenga. Amene satha kuwerenga zolembedwazo afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake. Musagule mankhwala othiridwa m'mabotolo opanda cizindikiro, ndipo wogulitsa dowe afunse mwini munda tsiku limene anapopera komaliza.

Mbeu yogula m'sitolo, ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ili ndi mankhwala. Isakazingidwe kapena kugayitsidwa ngakhale njala itakula motani, ndipo ibisidwe kumene ana sangafike.

Pomaliza, ukhondo. Nyengo ya dowe ndiyonso nyengo ya kolera, monga tinaonera mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024. Moto umapha tizilombo ta matenda, koma dzanja limene lagwira ndalama lingathe kutibwezera pa cakudya. Wogulitsa akhale ndi madzi ndi sopo pafupi, apereke cikonyo cili cotentha, atacikulunga m'khoko lake loyera, ndipo akhale ndi dengu lotayamo makoko ndi zitsononkho kuti zisatseke ngalande za madzi pa msika. Wogula naye asambe m'manja asanayambe kudya.

Cimanga coocha ndi mphatso ya nyengo yake, ndipo palibe amene anganene kuti tileke kudya. Ocherani ana, patsani alendo, gulitsani ca m'dimba. Koma madzulo ano, mbaula isanakolezedwe, bambo ndi mai akhale pansi awerenge mizere ya m'munda mwao, agwirizane imene ili ya moto ndi imene ili ya nkhokwe, ndipo auze ana malirewo. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda uoneke. Banja limene lidzatero lidzadya dowe mu Febuluwale, ndipo lidzadyanso nsima mu Januwale wa caka camawa.